Ya Kumtunda Kapena ya Kudoko

Mwini nyumba atabwera kudzanena kuti malo onse wagulitsa kwa anthu ofuna kumangapo hotela, anawapatsa miyezi itatu yoti asamuke. Miyezi iwiri inathera m'mabasi. Loweruka lililonse mayi Telala ankavundikira makina awo osokera, n'kuvala nsapato zofewa, n'kumatsatira ejenti wa nyumba amene ankayenda ngati akuthawa njuchi. Anaona nyumba khumi ndi zinayi. Zina zinalibe madzi, zina madziwo ankatsika okha m'makoma. Pamapeto panatsala ziwiri, zonse m'mbali mwa nyanja, lendi yake yosasiyana kwenikweni.

Yoyamba inali kumtunda, pachitunda choyang'ana nyanja. Misewu yake inali yotakasuka, nyumba iliyonse mumpanda wake wa njerwa ndi geti lachitsulo. Kunali zii, moti munthu ankamva mafunde akuomba miyala kunsi kwa phompho. Chipinda chakutsogolo chinali ndi windo lalikulu, ndipo mayi Telala atangolowamo anaoneratu poika makina, popachika nsalu, poima kasitomala akamayesa diresi. Maso awo anali atayamba kugonja pa ulusi wakuda, ndipo kuwala koteroko ankakufuna ngati mankhwala.

Yachiwiri inali kumunsi, pafupi ndi doko limene amuna awo ankagwirako ntchito. Bamboyo anzawo ankawatcha a Chikepe, chifukwa tsiku lonse ankakhala m'kachipinda kam'mwamba, akukweza ndi kutsitsa makontena m'sitima. Kumunsiko nyumba zinali zogundana, zitseko zikutsegukira mumsewu mwenimweni. Kunkanunkha nsomba ndi dizilo. Mphepo yamchere inali itadya zitsulo za m'mawindo, ndipo pakhoma la kukhitchini panali mzere wosonyeza pamene madzi anafika chaka china. Ejenti anati umenewo unali utoto chabe.

A Chikepe ankafuna kumunsi, kuti azipita kuntchito wapansi m'malo molimbirana basi m'mamawa. Mayi Telala ankafuna kumtunda. Anakangana mpaka mkanganowo unasukuluka. Masiku otsirizawa sankakwezanso mawu. Wina ankangoti nanga dzimbiri, winayo n'kuti nanga mabasi awiri, kenaka aliyense n'kupitiriza kutafuna.

M'nyumbamo munalinso munthu wachitatu amene sanafunsidwe maganizo: bambo awo a Chikepe. Achikulirewa anagwira ntchito yogawa makalata zaka makumi atatu, koma tsopano mutu unali utayamba kutaya zinthu. Ankaiwala kuti adya kale, ndipo mwana wawo yemwe ankamuyesa mchimwene wawo amene anamwalira kalekale. Miyendo yokha ndiyo sinaiwale. Akangopeza chitseko chotsegula ankavala chipewa, n'kutola zidutswa za mapepala odulira zovala, n'kunyamuka kukagawa makalata. Wowasunga masana onse anali mayi Telala, phazi pamakina, khutu kuchitseko.

Loweruka lomaliza a Chikepe anali pantchito, ndipo mnansi amene ankatsala ndi achikulirewo anali atapita kumaliro. Mayi Telala analibe kuchitira mwina koma kuwatenga apongozi awowo.

Anayambira kumtunda. Achikulire anakhala pakhonde, manja pamaondo, akuyang'ana nyanja, pamene mayi Telala ankayeza mawindo ndi tepi yawo. Mayiwo anagwedeza geti kawiri n'kupeza kuti ndi lolimba, ndipo anauza ejenti kuti pamenepo munthu sangatuluke. Potuluka anadikira basi pafupifupi ola lathunthu. Sipanadutse munthu ngakhale mmodzi. Agalu okha ndiwo ankauwa kuseri kwa mipanda. Bata limenelo linawakomera mayi Telala, moti anatsala pang'ono kusinza choimirira.

Kumunsi anangopita kuti asadzanenedwe kuti anakana nyumba osaionanso. Ejenti ankalimbana ndi kiyi wa chitseko chakuseri, iwo akuyesa mpopi wa kubafa umene unatsokomola katatu usanatulutse madzi. Pobwerera pabalaza anapeza mpando umene anakhazikapo apongozi uli wokha, chitseko chakumsewu chili yasa.

Anatuluka nsapato imodzi ili yosamanga. Kumanja msewu unkathera pageti la doko, pamene malole ankatulukira motsatizana. Kumanzere unkathera pamasitepe amiyala otsikira m'nyanja. Sanadziwe koyambira.

Asanafunse n'komwe, mayi wa pagolosale yoyang'anana ndi nyumbayo anasuzumira pawindo logulitsira.

"Mukufuna agogo achipewa aja? Andisiyira kalata yanga iyi," anatero akukweza kapepala kooneka ngati mkono wa malaya. "Alowera uko."

Wometa tsitsi analoza ndi chipeso osasiya kumeta. Wowotcherera zitsulo anakweza chigoba chake chakumaso n'kunena kuti anawabweza akulunjika kumalole, powauza kuti kumeneko makalata afika kale. Pakona, amayi awiri oyanika zovala analoza pamodzi ngati anapangana.

Mayi Telala anawapeza achikulirewo pamthunzi wa wosoka nsapato, atakhala pakabokosi, kapu ya tiyi ili m'manja. Ankadandaula kuti manambala a nyumba mumsewu umenewo ndi osokonekera, kuti khumi ndi zisanu ndi ziwiri sangayandikane ndi folo, ndipo wogawa makalata watsopano angathe chaka asanazolowere.

"Ndakhala ndikuwauza zimenezo, bwana," anayankha wosoka nsapatoyo, nkhope ili duu. "Anthu ake samva."

Kenaka anakokera mayi Telala kabokosi kena. Ali ndi timisomali pakamwa, anafotokoza kuti mayi ake nawonso anadwala matenda omwewo. Anayendayenda mumsewu umenewo zaka zisanu ndi chimodzi, akufunafuna mbuzi zimene anaweta ali mtsikana, koma sanasowepo mpaka dzuwa kulowa. Sankanena modzitama. Ankangokhoma chidendene cha nsapato ya munthu.

Mayi Telala sanalire. Anangokhala pakabokosipo n'kumanga nsapato yawo.

M'basi achikulire anagona atatsamira phewa la mayi Telala. Mayiwo ankaganiza za tsiku limene adzaiwale kukhoma geti la kumtunda lija. Ankadziwa kuti tsikulo lidzafika, pakuti mwezi womwewo anali atasiya kale simbi yoyaka kawiri. Ankawaona apongozi m'misewu yotakasuka ija, akugogoda mageti osayankhidwa, mpaka kumene msewu umathera paphompho.

A Chikepe ataweruka anapeza akazi awo atakhala pakati pa makatoni, osasoka, osaphika.

"Tikalowe ya kumunsi," anatero mayi Telala.

Bamboyo anayamba kumwetulira, n'kufunsa ngati amayi tsopano amva za anzawo.

"Musasangalale, bambo. Nyumbayo sindikuifuna ngakhale pang'ono."

Anawafotokozera zonse, mawu ali pansipansi kuopa kudzutsa achikulire. A Chikepe anavula nsapato zawo zantchito pang'onopang'ono, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana bambo awo. Kenaka anayamba kunena kuti mwina m'tsogolo muno, zinthu zikadzasintha, adzasamukirabe kumtunda. Sanamalize. Onse awiri ankadziwa chinthu chokhacho chimene chinayenera kusintha, ndipo panalibe wofuna kuchitchula.

Anasamuka tsiku la mvula yowaza. Lole inakanika kukhota pakona, choncho katundu yense analowa pamutu ndi pamapewa, matiresi akunyowa. Kabati inakana kudutsa pachitseko mpaka anaichotsa miyendo. Makina osokera anawaika pafupi ndi khomo, poti ndi pokhapo pamene pankafika kuwala, ndipo aliyense wodutsa ankasuzumira n'kupereka moni. Makatoni asanatsegulidwe n'komwe, mayi wa pagolosale anabwera ndi siketi yoduka zipi. Anakhala maola awiri, akufotokoza za mabanja a mumsewu wonsewo, amene analekana ndi amene ayenera kulekana.

Atachoka, mayi Telala anakhala pakatoni ya mbale, msana ukuwawa mpaka m'khosi. A Chikepe anali atapita kukabwereka nyundo. Achikulire anayang'ana makoma achilendowo, denga, ndi madontho amene ankagwera mubeseni pakona.

"Mama, anthu ake ndi aulemu ndithu," anatero. "Koma tisawatopetse. Tibwerera liti kunyumba?"

"Mawa, bambo."

Achikulire anagwedeza mutu mokhutira. Mayi Telala anapuma pang'ono, kenaka anadzuka n'kuyamba kutsegula makatoni imodziimodzi, kufunafuna mmene anaika ketulo.