Ziwaya Khumi ndi Ziwiri za Amayi Zewditu

A Mejala Tilahun anabwera kuchokera kulikulu ndi pepala lawo: sukulu yathu ilandire asilikali atsopano 600 nthawi imodzi. Mabedi anali atawerenga, mfuti anali atawerenga, aphunzitsi nawonso. Koma ine Sajeni Wondimu, amene ndakhala ndikukonza ndandanda ya maphunziro pano zaka khumi ndi zisanu, sanandifunse n'komwe.

"Bwana, pali chimodzi mwaiwala," ndinatero, n'kupita nawo kukhitchini.

Kumeneko Amayi Zewditu, mkulu wa ophika, anali kalikiliki pa ziwaya zawo khumi ndi ziwiri zophikira injera, buledi wopyapyala amene timadya tsiku lililonse. Atamva nambalayo anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Mwana wanga, 600? Azidzadya pepala lakolo? Gwira chikho cha phala la injerachi, uthire pachiwaya wekha."

A Mejala anavula chipewa n'kuthira. Injera yoyamba inang'ambika, yachiwiri inapserera. Kenako anangoima pambali, maso pa wotchi, akuwerenga zimene ziwayazo zinkatulutsa pa ola limodzi. Anafufuta 600 ija n'kulemba 420. Otsalawo adikire gulu loyamba lituluke.

Miyezi isanu ndi umodzi inatha popanda mwana wa munthu kugona ndi njala kapena kugwa pa perete. Tsiku lotsekera maphunziro, akuluakulu atakhala m'mipando, a Mejala anandinong'oneza kuti, "Sajeni, ndandanda ya chaka chamawa ili kuti?"

"Ili kukhitchini, bwana. Amayi sanaivomerezebe."

A Mejala sanaseke. Anawongoka, n'kutembenukira kumene kunkafuka utsi, n'kuchita sawatcha.