Keke yakuda ya Beathag

Zaka zitatu zotsatizana, chidutswa chopakidwa khala chinagwera mng'ono wanga Oighrig. Ati mwayi. Mwayi wanji wodziwa khomo limodzi?

Pa Beltane, tsiku loyamba la Meyi, timakwera phiri m'mawa ndi ng'ombe zathu, kusonkha moto watsopano ndi kugawana keke ya barele. Chidutswa chimodzi chimapakidwa khala, zonse n'kuponyedwa m'chipewa, aliyense n'kutola atatsinzina. Wotola chakudacho amalumpha moto katatu, kenako chaka chonse anthu amamuyesa wakufa. Samupatsa moni, samutchula dzina. Wogwira chipewa anali Tormod, mkulu wa mwambo, yemwe Oighrig anamukana ukwati. Ine si mwana, ndinkaona chala chake chikupanikiza chidutswacho mpaka Oighrig afike.

Mng'ono wangayo anafota ndikuona. Anasiya kuimba pokama ng'ombe, ndipo kuchitsime ankapita anzake atachokako. Zinkandiwawa koopsa.

Chaka chachinayi udindo wophika unagwera ine. Nthawi zonse kekeyi imakhala yotuwa, yopakidwa mazira ndi mkaka pamwamba. Ine ndinathira manyuchi akuda chikho chonse, jinja, sinamoni ndi tsabola, n'kuisiya pachiwaya mpaka inada bii, kunja ndi m'kati momwe. Nditaiphula ndinazimitsa moto, monga nyumba iliyonse imachitira tsikulo lisanafike.

Paphiri Tormod anafunyulula nsalu yomwe ndinakulungira kekeyo, n'kungoti kukamwa yasa.

“Beathag, ichi n'chiyani?”

“Keke, a Tormod. Kapena maso ayamba kuvuta?”

“Usandilankhule ngati mnzako, iwe! Khala lioneka bwanji pamenepa?”

“Pakani tione. Paja dzanja lanu ndi lozolowera.”

Anapaka, anapakanso, koma chidutswacho sichinasiyane ndi zinzake. Anthu anayamba kunong'onezana.

“Wina atsike akaphike ina!” anakalipa.

“Pa moto wa ndani?” ndinamufunsa. “Mudzi wonse mafuwa ali zii. Ndipo moto watsopanowu supita kunyumba tisanadye keke. Si inu nomwe mumatiphunzitsa zimenezi?”

Seonaid, mkazi wa wosula zitsulo, anati, “Beathag, ukufuna ng'ombe zathu zife ndi tsoka?”

“Ayi, mayi. Mwambo ukuti wotola chakuda ndi wakufa. Tolani, tife tonse. Ndione amene adzapatse mnzake moni mawa.”

Ndinalanda chipewacho m'manja mwa Tormod, kutola changa, kuchionetsa m'mwamba, n'kulumpha moto katatu siketi nditaikwinya. Kenako ndinayenda ndi chipewa kwa aliyense. Ng'ombe zinali kulira, dzuwa likukwera, ndipo panalibe wofuna kubwerera kwawo wopanda moto. Anatola mmodzimmodzi, nkhope zili gwa, n'kumalumpha. Tormod analumpha pomaliza, ndevu zake zinawauka pang'ono, ndipo sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Oighrig anali ataima patali, chidutswa chake chili m'manja, osachidya. Seonaid anatafuna chake, tsabola anamutsamwitsa mpaka misozi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti botolo la mkaka lili ndi mng'ono wanga.

“Oighrig,” anatero, “tandipatsako mkakawo, mwanawe.”

Oighrig anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwake, kufuna kuona amene akuitanidwa.