Kiyibodi ya Katoni

Kusukulu ankamutcha Kamphepo chifukwa cha zala zake. Pa phunziro la makompyuta, aphunzitsi ankagawa zidutswa za katoni zojambulidwa mabatani ndi cholembera chakuda, chilembo chilichonse pamalo pake. Iwo ankawerenga ndime mokweza, ana n'kumayendetsa zala pa katonipo. Makompyuta enieni analipo, koma m'chipinda chokiya, atafunditsidwa nsalu ngati odwala. Akuti ankawasunga kuti asawonongeke oyendera sukulu asanabwere. Pa katoni panalibe womupeza Kamphepo. Zala zake zinkangoyandama, osamveka n'komwe, ndipo pa satifiketi yake phunziro limeneli ndi lomwe linawala kuposa onse.

Sukulu itatha, moyo unangoima. M'mawa kusesa, masana kuyang'ana msewu.

"Mwezi uno ukatha ulibe ntchito, ukupita kwa azakhali ako kukalera ana," anatero amayi ake akusita. "Ine sindingawete munthu wamkulu wongodya ndi kulota."

Kwa azakhali kunali kutali, kokwera basi m'mawa n'kukatsika miyendo itatupa. Koma kutalikako sikunali vuto lenileni. Vuto linali mumsewu waukulu, pansi pa ambulera yofiira, pomwe pankakhala wokonza mafoni wa nsidze zambiri, woluma mlomo akamamasula tizitsulo. Anayankhulana kamodzi kokha, atamukonzera foni ya amayi. "Ikavutanso ubwere," anatero. Foniyo, mwatsoka, sinavutenso.

Moyang'anizana ndi ambulerayo panali shopu yotayipa ndi kukopa mapepala, ndipo pachitseko anamatapo kuti akufuna wotayipa. Mpando wa wotayipayo unali pawindo penipeni. Kamphepo anali atadziona kale pampandopo, atavala bulauzi yoyera, zala zikuuluka, wina kutsidya kwa msewu akuiwala foni m'manja.

Mwini shopuyo anali mayi wa magalasi olendewera pachingwe, amene aliyense ankangomuti Madamu. Kamphepo atapita kukafunsira ntchitoyo, Madamu anayang'ana satifiketi yake, n'kugwedeza mutu.

"Katswiritu ameneyu. Khala apo, unditayipire ichi."

Linali tsamba lolemba pamanja. Kamphepo analiika kumanzere monga ankachitira kusukulu, maso onse patsamba, ndipo zala zinayamba. Zinathamanga ngati madzi otsetsereka. Anamaliza Madamu asanamalize n'kupukuta magalasi komwe.

"Ndatha."

Madamu anawerama, n'kuyang'ana pa sikirini. Anavala magalasi, n'kuyang'ananso. Panali tizilembo towerengeka, tobalalika ngati nkhuku zoona kabawi.

"Mwana iwe, ukuwasisita mabataniwo? Si mphaka ameneyo!"

Bambo wina amene ankadikira mapepala ake anaseka mpaka kutsokomola.

"Kusukulu timangokhudza," anatero Kamphepo.

"Kukhudza chani?"

"Katoni."

"Ndiye satifiketiyi anapatsa iwe kapena katoniyo? Amadina, mwanawe, batani lilowe m'kati. Ubwerenso Lolemba. Koma dziwa kuti pali wina akuufunanso mpandowu."

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Kamphepo anafuna kudutsa mozemba, koma mawu anamupeza kuchokera pansi pa ambulera.

"Achemwali! Foni ija ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Chabwino ndithu."

Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Njira yonse Kamphepo anayenda akutukwana foniyo mumtima.

Sanapite kunyumba. Analunjika kusukulu yake yakale, kumene anapeza chipwirikiti: ana akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ena akukolopa, chipinda cha makompyuta chili chotsegula, nsalu zija zikukutumulidwa fumbi pakhonde. Sanachite kufunsa. Mawa kunali alendo.

Ahedi anali pakhomo la ofesi, thukuta lili kamukamu.

"Ndimapempha kompyuta imodzi, ahedi, ndiphunzire kudina. Lolemba akandiyesa ntchito."

"Iwe unamaliza. Zako ndi ife zinatha, tinakupatsa satifiketi." Anatembenuka, kenaka anabwerera. "Dikira. Si iwe Kamphepo? Yunifolomu ikukukwanabe?"

Kamphepo anaidziwa nkhaniyo, chifukwa chaka chatha anaisewerapo. Oyendera sukulu akabwera, ana a zala zachangu ankakhazikidwa pa makompyuta ozima, masikirini atafulatira chitseko. Alendo ankaima pakhomo, n'kuona zala zikuvina, n'kulemba kuti zonse zili bwino, n'kupita kukamwa tiyi.

"A chaka chino zala zawo n'zolemera ngati mipini," anadandaula ahedi. "Ukhale kutsogolo, pafupi ndi khomo."

"Ndibwera. Koma yangayo muyatse."

Ahedi anakanda m'mutu. "Yako yokha."

M'mawa mwake yunifolomu inamuthina m'khwapa, koma anafika mlonda asanachoke. Aphunzitsi a makompyuta anafufuza chingwe, n'kubaya kukhoma, ndipo sikirini inawala. Kamphepo anaika chala pa batani, n'kukankha. Batanilo linalowa, n'kubwerera lokha. Chilembo chinatulukira, chakuda, chenicheni, chake. Anagwira batani nthawi yaitali, zilembo n'kuthamanga mzere wonse. Anaseka yekha. Zaka zonse zija, kuseri kwa chitseko chimene ankachidutsa tsiku ndi tsiku, kunali chinthu choyankha munthu akachigwira.

Anaiwala alendo, anaiwala ahedi. Zala zinkafuna kuuluka monga zinazolowera, iye n'kumazibweza, kuzikakamiza kudina, go, go, go. Sanaone n'komwe kuti ana ena alowa ndipo akhala m'mipando, kapena kuti pakhomo paima anthu.

"Apa ndiye ponyadira pathu," ankatero ahedi. "Ana athu amatuluka ali okonzeka kugwira ntchito."

Woyendera sukulu anali mayi wamfupi wa nsapato zafulati. Anapendeketsa mutu, n'kumvetsera.

"Ahedi, chipinda chadzaza chonchi, bwanji ikumveka kompyuta imodzi?"

Analowa. Anayenda kuseri kwa mipando, akuyang'ana masikirini akuda bii, ana akusisitabe mabatani mwaulemu, maso kutsogolo. Anafika pa Kamphepo.

"Iwe uli kalasi yanji?"

Ahedi anatsokomola. Kamphepo anakumva kutsokomolako, koma chala chake chinali pakati pa mawu, ndipo analibe nthawi yopeka bodza.

"Ndinamaliza, mayi."

"Nanga ukutani muno ndi yunifolomu?"

"Ndikuphunzira kudina. Lolemba akandiyesa ntchito. Dzulo ndinakalephera."

"Phunziroli unakhoza bwanji?"

"Kuposa onse."

Mayiyo sanakweze mawu. Anapempha kuti makompyuta onse ayatsidwe pomwepo, ndipo anadikira ali chiimire pamene aphunzitsi ankakwawa pansi pa matebulo kusaka zingwe. Ena anayaka, ena anakana. Ana anayamba kukuwa poona zilembo zawo. Mayiyo anauza ahedi kuti chipindacho chizitsegulidwa tsiku lililonse, ndipo ulendo wina adzabwera osanena.

"Nanga ife amene tinamaliza?" linatuluka lokha funsolo m'kamwa mwa Kamphepo.

Woyendera sukulu anayang'ana yunifolomu yothinayo, kenaka pansi.

"Lero ukhale mpaka aweruke," anatero. "Ahedi, musamuchotse."

Anakhaladi mpaka zala zinachita dzanzi. Tsiku limodzi la kudina, kulimbana ndi zaka za kukhudza.

Lolemba, kushopu kuja, anapeza mtsikana wina ali kale pampando wa pawindo, wa zikhadabo zopaka utoto, akutayipa uku akutafuna chingamu. Madamu anamudzutsa kaye, n'kupatsa Kamphepo tsamba. Ulendo uno zilembo zonse zinatuluka, koma pang'onopang'ono, ndi phokoso ngati akukhoma misomali. Zala zikangoti zifulumire, mawu ankatuluka operewera, iye n'kubwerera.

"Undithyolera makina iwe," anatero Madamu, akuwerenga. "Koma zalembeka." Anavula magalasi. "Ndisakunamize, mpandowu ndi wa mnzakoyu, amathamanga kukuposa. Koma makina okopera mapepala alibe munthu. Ali kumbuyo uko, kotentha, ndipo tsiku lonse n'kuimirira. Masana uyu akapita kokadya, kompyuta imangokhala. Amene akuifuna aigwiritse ntchito."

Kamphepo anasuzumira kumbuyoko. Kachipinda kopanda windo, mapepala ounjikana mpaka kudenga, fungo la inki. Kuchokera kumeneko msewu sunkaoneka ngakhale pang'ono.

"Ndiyambe liti?"

"Wayamba kale. Tenga awa, makope awiriawiri."

Madzulo anafika kunyumba manja ali bii. Amayi ake anali atatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa kabati, akuchipukuta fumbi.

"Bwezerani chikwamacho, amayi."

"Akulemba? Yotayipa ija?"

"Yokopa mapepala."

"Sukulu yonse ija, kukopa mapepala?"

"Masana ndizitayipa."

Amayi anayang'ana manja akewo, kenaka chikwama. Anachikankhira kunsi kwa bedi ndi phazi.

"Chikhale pafupi kaye. Kasambe m'manja usanagwire nsalu zanga."