Alamubwerani ndi Uthenga Wofiira

Kunena chilungamo, mtsikana woyeza madzi uja anali wanzeru kuposa mmene anthu ankamuonera, koma anali wamantha kuposa mmene nzeru zakezo zinkayenerera. Pa ntchito ya manja panalibe womuposa m'labotale monse. Mabotolo ake ankawala ngati sanagwirepo ntchito, ndipo mankhwala akangopitirira tsiku lake, ankawachotsa pashelefu osadikira kuuzidwa. Koma kompyuta ikangotulutsa mawu ofiira, munthu yemweyo ankasanduka mwana wosochera pamsika. Sankawerenga n'komwe. Ankatola foni n'kuimbira mwamuna wa mkulu wake, yemwe ankakonza makompyuta pasukulu ya ukachenjede pomwe iye ankaphunzira, ndipo mawu ake sankasintha: alamu, bwerani. N'chifukwa chake anzake anamupatsa dzina loti Alamubwerani, dzina lomwe linamera mizu mpaka alonda a pageti ankamulonjera nalo.

Mbiri imeneyi inafika m'makutu mwa Apulofesa, omwe ankayang'anira kafukufuku wake. Iwo sanakalipe. Anangovula magalasi n'kunena kuti pa tsiku loonekera pamaso pa akuluakulu a kafukufuku sadzalola zithunzi zosindikiza kale. Mtsikanayo adzatsegula yekha pulogalamu yake, magirafu adzatuluka onse akuona, ndipo zikadzakanika, ntchito ya zitsime idzapatsidwa kwa wina wotha kuimaliza. Zitsimezo anali ataziyendera chilimwe ndi dzinja, kutunga madzi ndi kuyeza mchere wake, mpaka nsapato zake zinatha zidendene. Zoti wina adzakolole m'munda umenewo mtima wake sunkalola.

Tsikulo litafika analawirira, bulauzi yosita bwino ili m'pepala kuti isade. Msonkhano unali wa masana. Monga mwa chizolowezi chake asanayambe ntchito yaikulu iliyonse, anachotsa zakale zonse: anatsuka mabotolo, anataya madzi oyezera a dzulo, anasungunula atsopano. Kenaka anatsegula laputopu, ndipo pakona ya sikirini panali kachidziwitso koti malaibulale ena ali ndi mitundu yatsopano. Malaibulale amenewa ndi mitolo ya malamulo olembedwa kale ndi anthu ena, yomwe pulogalamu imabwereka kuti isamayambe chilichonse pachiyambi. Yake inkabwereka iwiri: wina wowerengera manambala, wina wojambula magirafu. Kwa munthu wozolowera kuti chakale ndi choopsa, panalibe choganiziranso. Anadina batani kuti zonse zikhale zatsopano pa tsiku lalikulu, napita kukathira tiyi akudziyamikira mumtima.

Atabwerera anati ayese komaliza. Pulogalamu inafika pamzere woyamba, pomwe imaitana laibulale yojambula, n'kuima pomwepo. Mawu ofiira anatsika ngati nyerere zofumbulidwa pauna, mpaka sikirini yonse inadzaza.

Dzanja linapita lokha pafoni. Inaitana, osayankhidwa. Anatuluka liwiro, kutsika masitepe, kudutsa pabwalo loimika magalimoto, mpaka kukachipinda ka okonza makompyuta. Chitseko chinali chokiya. Ataimbanso anamva foni ya mlamu wakeyo ikulira mkati, m'thumba la jekete yopachikidwa kuseri kwa chitseko. Mayi wina yemwe ankakolopa m'khonde anamuuza kuti bamboyo wakwera m'denga la nyumba ya kumapeto kukayala mawaya, ndipo satsika msanga.

M'labotale anapeza mnzake wa pabenchi yoyandikana, yemwe onse ankamutchula kuti Wamabakiteriya, atasuzumira pasikirini, manja ali kumbuyo ngati wofika pamaliro.

"Pepanitu achemwali," anatero. "Nanga alamu lero sabwera?"

Mtsikanayo anamupempha kuti ayang'aneko. Wamabakiteriya anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti iye amadziwa tizilombo ta m'mbale, osati ta m'makina, ndipo kuti akangokhudzapo ndiye kuti laputopuyo ipsa.

Anakhala pansi, poti kothawira kunalibe. Anayamba kuwerenga kuchokera pamwamba, koma munali maina a mafailo okhaokha, aatali ngati misewu ya mzinda wachilendo. Ali mkati mosowa chogwira choncho, anakumbukira chala cha mlamu wake. Bamboyo akafika sankakhala n'komwe pampando. Ankawerama, chala chake n'kulumpha zonse za pamwamba kukatera pamzere wotsiriza. Chala chimenecho anali atachiona kambirimbiri, koma anali asanadzifunsepo chomwe chinkafuna pansipo.

Anatsitsa chake. Mzere wotsirizawo unali wa mawu wamba, oti ngakhale mwana wa sekondale angamve. Unkanena kuti laibulale yojambula inamangidwa mogwirizana ndi mtundu woyamba wa laibulale ya manambala, ndipo singayende ndi mtundu wachiwiri.

Anawerenganso, kenaka anaseka mokweza mpaka Wamabakiteriya anatembenuka. Chilombo chomwe anakhala akuchithawa nthawi yonseyi chinali kumuuza poyera chomwe chavuta. Ndipo vuto lotere ankalidziwa. Chaka chathachi labotale inagula ndodo zatsopano zoviika m'madzi, koma makina akale oyezera mchere anazikana, ngakhale kuti ndodozo zinali zabwino ndipo makinawo anali abwino. Zinangosiyana mibadwo. Atafufuza anapeza kuti batani lija linasintha laibulale ya manambala yokha. Yojambula inatsala mmene inalili, chifukwa mlamu wake anailowetsa pamanja, mwa njira ina. Ukhondo wake womwewo ndiwo unakwatitsa mkamwini watsopano kwa nkhalamba.

Tsopano magazi anayamba kuthamanga mwa mtundu wina. Anaganiza kuti ngati mmodzi watsogola, winayo amutsatire, ndipo anakoka mtundu watsopano wa laibulale yojambula. Intaneti ya pasukulupo inkakwawa ngati nkhono, iye akugogoda tebulo ndi bolopeni. Atayesanso, mzere woyamba unadutsa bwinobwino. Wachiwiri unadutsa. Kenaka zofiira zinabwereranso.

"Uthenga wasintha," anatero akuwomba m'manja. "Taonani achimwene, wasintha."

Wamabakiteriya anafunsa ngati anthu masiku ano akusangalalira matenda chifukwa choti ndi atsopano. Iye sanamumve n'komwe, chala chili kale pansi. Ulendo uno mzerewo unkanena kuti lamulo lina lomwe pulogalamu yake inkagwiritsa ntchito linachotsedwa mu mtundu watsopanowo. Lamulolo linali paliponse m'pulogalamu yake, ndipo kulisaka malo onse n'kulemba mwatsopano kukanamudyera masana onse. Dzuwa linali litafika kale pamutu, ndipo m'khonde munkamveka anthu akukoka mipando kupita nayo ku chipinda cha msonkhano.

Anaima, nayenda mpaka pazenera, nabwerera. Anakumbukira kuti makina akale oyezera mchere aja sanatayidwe. Anangowapezera ndodo zakale n'kuwaika pabenchi yawoyawo. Anafufuza ngati zoterezi n'zotheka m'kompyuta, ndipo anapeza kuti n'zotheka ndithu: munthu angathe kumanga kakhola kapadera ka pulogalamu imodzi, n'kuikamo malaibulale a msinkhu umene akufuna, osasokoneza zina zonse. Analemba malamulowo pang'onopang'ono, akuwerenga chilembo chilichonse ngati mmene amawerengera madontho a asidi. M'kakholamo anaikamo laibulale ya manambala ya mtundu woyamba, pamodzi ndi yojambula ya m'badwo womwewo. Poyamba analakwitsa chizindikiro chimodzi, makina anamudzudzula, ndipo iye anakonza osagwira foni.

Anadina. Sikirini inakhala duu kwa kanthawi, kanthawi komwe kwa iye kanali ngati mwezi. Kenaka panatseguka zenera loyera, ndipo mizere inayamba kuoneka. Mchere unkakwera m'chilimwe n'kutsika mvula ikagwa, chitsime ndi chitsime, kupatula chimodzi cha pafupi ndi msewu chomwe chinkakwerabe ngakhale m'dzinja. Chimenechi ndicho chinali mtima wa kafukufuku wake wonse. Anakuwa mpaka Wamabakiteriya anatsala pang'ono kugwetsa mbale zake. Anazimitsa laputopu, kuiyatsanso, kuyesanso, kuopa kuti mwina unali mwayi chabe. Magirafu anatulukanso. Anabwerezanso kachitatu chifukwa chongokoma.

Anali atangovala bulauzi ija pamene chitseko chinatseguka mwamphamvu. Mlamu wake analowa ali wefuwefu, fumbi la m'denga lili m'tsitsi, foni ili m'dzanja. Anati wapeza kuti waimbiridwa kangapo ndipo anadziwiratu kuti kwagwa zofiira. Asanafunse n'komwe, anawerama pasikirini, chala chili chokonzeka, koma chinasowa potera. Mtsikanayo anamufotokozera zonse mothamanga, mawu akupondana: batani lija, mibadwo iwiri, lamulo lochotsedwa, kakhola. Bamboyo anayang'ana zomwe zinalembedwa, nagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti nayenso akanachita chimodzimodzi, mwinanso mochedwerapo.

Komabe nkhope yake sinamasuke. Anati kakhola kotere kamaiwalika munthu akanjenjemera pamaso pa akuluakulu, ndipo ukangoiwala kulowamo zofiira zija zibwereranso onse akuona. Anatulutsa fulashi m'thumba n'kuiika patebulo. Munali magirafu omwe anamukonzera mwezi wathawu.

"Tengani iyi alamu, ikhale m'thumba. Inenso ndilowa nanu, ndikakhala kumbuyo ngati woyang'anira mawaya. Zikakavuta mudzangotsokomola, ndidzabwera. Akulu anu akamva kuti ndinakusiyani nokha, ine lero ndigona panja."

Kumapeto kwa khonde, Apulofesa anali ataima pakhomo la chipinda cha msonkhano, akuyang'ana wotchi. Mtsikanayo anayang'ana fulashiyo. Inali yaing'ono, yopepuka, yoti palibe akanaiona. Anaitola, natsegula dzanja la mlamu wake, naiikamo, n'kupinda zala zake chimodzichimodzi.

"Zikomo alamu, koma ayi. Zikakafiira ndikawerenga pansi. Inu pitani mukasambe, mutu wanuwo wachita ngati mwakalamba lero lomwe."

Ananyamula laputopu ili chitsegulire, kuti asataye magirafu ake m'maso, n'kutuluka yekha.