Msuweni Aleka Kutukwana

Atumani atatsika njinga yamoto ku Nkhudzi sankayembekeza nthungululu. Ankangofuna kutukwanidwa.

Kuno msuweni ndi wotukwanizana naye. Kale, asanapite ku Joni, Mwanamvua, mwana wa amalume ake, ankamuchingamira ndi mawu oti akawanena munthu wamba umakhala mlandu: "Galu wopanda mchira iwe, wabweranso kudzanyambita mbale?" Iye ankabweza, anthu n'kumaseka. Ku Joni anatukwanidwa m'zilankhulo zambirimbiri, pamsewu ndi pantchito pomwe, koma kumeneko wokulalatira sadziwa n'komwe dzina lako.

Anamupeza Mwanamvua atakhala pamkeka pakhonde, chitenje chitaphimba miyendo, akusankha mpunga m'lichero.

"Salaam aleikum, Che Atumani. Mwayenda bwanji, bambo?"

Bambo! Anamupatsa mpando wapulasitiki, tiyi n'kubwera m'kapu ya alendo. Swadick, mwana wa Mwanamvua amene tsopano ali ndi boti lakelake, anamupatsa moni wa manja awiri. Ulemu wokhawokha, ngati wa kubanki. Atumani anaona kuti akapanda kuyamba yekha, achoka pano ali mlendo.

"Iwe Mwanamvua, timiyendo ta kakowa tija tinanenepako? Kapena ukadali kudumphadumpha kugombe?"

Lichero linaima. Swadick anaimirira.

"Akulu, ulendo wonsewu mwabwerera kudzatukwana mayi anga?"

"Ndi msuweni wanga uyu, mphwanga. Afunse."

"Anawadula mwendo chaka chatha chifukwa cha shuga. Mudzi wonse ukudziwa."

Atumani anayang'ana kumapeto kwa chitenje. Phazi linali limodzi.

"Khala pansi, Swadick," anatero Mwanamvua. "Angadziwe bwanji?" Kenako anatembenukira kwa Atumani, mawu ake ali otopa, opanda ukali. "Kutukwana msuweni kumafuna kumudziwa. Nanga ine ndikutukwanireni chiyani? Sindidziwa ngati mano amenewo ndi anu. Sindidziwa ngati muli pabanja, ngati mumaswali kumzikiti. Munthu wosamudziwa ukamutukwana, chimenecho n'chipongwe basi."

"Mano awa ndi ogula," anatero Atumani msangamsanga. "Mkazi anandithawa. Tsitsi ndimadetsa ndi mankhwala."

Anadikira. Mwanamvua akanangoti "chitsiru", zikanakwanira.

"Pepani," anatero Mwanamvua, n'kubwerera kumpunga wake. "Imwani tiyi, bambo, azizira. Njinga zopita ku Monkey Bay zimasowa ikadutsa nthawi ya pemphero la alasiri."