Nkhono ya Malemu Ezekiele

Chiswe sichidziwa kuti pamudzi pagwa maliro. Patangotha masabata awiri chiikireni Ezekiele m'manda, chinamaliza ntchito imene chinaiyamba kalekale: mwendo umodzi wa thebulo lonyamula thanki ya nsomba ku loji unayamba kuphwanyika, thanki yonse n'kupendekeka. N'chifukwa chake Felix, kapitawo wa pa lojipo, anafika kwa Fainesi, mkazi wa malemuyo, Lachiwiri m'mawa pa njinga yamoto, thukuta lili kamukamu.

Loji imeneyi ili kunsi kwa Mtakataka. Mwini wake, mayi Rozi, anakhalitsa ku Joni ndipo anabwerako ndi misala ya kumeneko: kuweta zamoyo za m'nyanja yamchere m'thanki ya galasi, pamene chambo chili pamphuno pomwepa. Ezekiele ndiye ankasamalira thankiyo zaka khumi ndi chimodzi, kusungunula mchere wa m'matumba, kuyeza madzi, kupukuta galasi. Munali tinsomba tamawangamawanga ndi miyala yomera zinthu ngati maluwa, koma mtima wake unali pa nkhono imodzi ya zigoba ziwiri, yaikulu ngati mbale ya ndiwo, yotulutsa mnofu wabuluu wamadonthomadontho ikayasama. Inabwera ili yaing'ono ngati chala cha mwana. Kunyumba ankaikamba mpaka Fainesi anaitcha mkazi mnzake.

"Alamu, pepani kukuzulani pa siwa," anatero Felix atakhala pansi. "Thanki igwa lero kapena mawa. Mayi Rozi ali kuchipatala ku Joni, foni yawo sikugwira. Zina zonse tasamutsira m'thanki ina, koma nkhono ija yakakamira pamwala wapansi, ndipo mwalawo ndi womata. Malemu ankati inu munawathandizapo kuisuntha."

Zinali zoona. Zaka zinayi zapitazo, Ezekiele atatupa dzanja, Fainesi ndiye anagwira lezala, mwamuna wake akumuuza chochita.

Chiikireni maliro, Fainesi ankangoyendera mawu a anthu. Akati idyani, ankadya. Akati gonani, ankagona. Misozi sinabwere ngakhale kumanda, ndipo amayi ena anali atayamba kale kunong'onezana. Iye sankamva chisoni, sankamva mkwiyo, sankamva kalikonse. Tsono Felix atati tiyeni, anangomanga chitenje. Azakhali a malemu anamuperekeza ndi mawu ali pakhomo.

"Mubwere dzuwa lisanapendeke. Ndipo musaiwale, simunametedwe. Namfedwa sakhudza mchere. Kumeta ndi Loweruka."

Ku loji anapeza thanki yakale itatsala ndi madzi ofika pakati, mwendo wa thebulo atauchirikiza ndi njerwa. Nkhono inali pansi yokhayokha. Fainesi anapempha lezala yatsopano ndi beseni, anapinda mkono wa bulauzi, n'kuyandikira.

"Alamu," Felix anatsokomola, "madziwo ndi amchere."

Dzanja la Fainesi linaima m'malere. Tinene zoona, lamulo limeneli ndi la mumphika. Makolo analiika poganizira ndiwo zimene anthu adye, osati madzi a nkhono ya ku Joni, ndipo Fainesi ankadziwa bwino lomwe. Koma mchere ndi mchere. Mwana wina akanangotupa miyendo kumudzi mwezi umenewo, nkhani ikanafika kuti Fainesi anaviika mkono m'mchere asanametedwe. Pakanakhala mphamvu m'chifuwa mwake akanakangana nazo, koma munalibe. Anabweza dzanja, n'kupereka lezala kwa Felix.

"Ndikuuzani chochita. Koma mumve bwino. Imeneyi sazula."

Anafotokoza monga anaphunzitsidwira. Kunsi kwa nkhonoyo kumatuluka timaulusi, ngati ndevu za chimanga, timene imagwirira mwala. Timaulusito tikadulidwa timameranso. Koma timachokera m'kachiwalo kofewa ka m'kati, ndipo kameneko kakang'ambika, nkhono yapita. Choncho uipendeketse pang'onopang'ono, udikire ifewe, kenako udule kaulusi kamodzikamodzi, lezala itatsamira kumwala, osati kunyama.

Felix anamva zonse. Sanali munthu wamatama. Analowetsa mikono m'madzi, anaipendeketsa mwaulemu ngati akudzutsa wodwala, n'kuyamba kudula. Fainesi anagwada kuseri kwa galasi, akumulondolera.

"Kumwala, alamu. Tsitsani lezala. Eya. Dikirani kaye. Dulani tsopano."

Ntchito inayenda bwino mpaka panatsala timaulusi titatu kapena tinayi. Pamenepo nkhono inadzidzimuka, inatseka zigoba mwamphamvu n'kumuthira Felix madzi m'maso. Felix anakulira ku Bwanje, ndipo manja ake akhala akuzula mbande za mpunga chiyambire ali wa kabudula. Dzanja lotere likamva chinthu chikukana pansi silifunsa mutu. Linapotoza pang'ono n'kukoka, nkhono n'kuzuka.

"Yatheka!" anafuula, akupukuta maso ndi phewa.

Fainesi sanayang'ane nkhono. Anayang'ana pamwala. Panatsala kanyama koyera, kakang'ono ngati nyemba, kakugwedezeka ndi madzi, timaulusi titatu tili lendelende. Anakayang'ana nthawi yaitali. Anadikira kuti mtima udumphe, koma unangogunda monga mwa masiku onse.

Zotsalazo anazichita ndendende. Anauza Felix kuti aiike m'beseni ili m'madzi momwemo, isapume mpweya. Anasankha kamwala kafulati m'thanki yatsopano, pakona pamene nyali siwala kwambiri. Pofika masana nkhono inayasama, mnofu wabuluu uja n'kutambasuka bwinobwino ngati palibe chachitika. Felix anasangalala mpaka anatumiza fanta ndi mabanzi.

"Mwaiona? Ikuthokoza. Malemu kumene aliko akumwetulira."

Fainesi anamwa fantayo, chifukwa anamuuza kuti amwe. Sananene kuti yong'ambika pamenepo siifa tsiku lomwelo, imayamba yanamiza anthu. Kunena kukanathandiza chiyani? Felix anali atayesetsa, ndipo amene anam'patsa lezala ndi Fainesi mwini.

Loweruka anamumeta. Tsitsi linagwera pachitenje, akuluakulu analankhula zolankhula zawo, ndipo azakhali anamuyamikira pagulu kuti anasunga mwambo osaphonya ngakhale kamodzi. Madzulo anam'patsa mchere m'dzanja kuti athire m'ndiwo, iye n'kuthira. Aliyense anadya mokhuta.

M'mawa mwake, anthu akupita kutchalitchi, Fainesi anakwera kabaza popanda womutuma. Aka kanali koyamba kudziyendera yekha chimwalirireni mwamuna wake.

Felix anamulandira pakhomo pa loji, maso ali pansi.

"Yayamba kufooka Lachisanu. Sitinafune kuichotsa inu musanaione."

Zigoba zinali yasaa, kuposa mmene nkhono yamoyo imayasamira. Mnofu unali utafota n'kulowa m'kati, mtundu wake ngati phala lozizira, ndipo tinsomba tinkabwera kudzajompha. Madzi anali atayamba kachifungo.

"Kodi ndi ine, alamu?" Felix anafunsa. "Ndinadula monga munanenera."

"Munadula bwino," anayankha Fainesi.

Anapinda mkono wa bulauzi. Tsopano panalibe womuletsa. Analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, ndipo madziwo anali ofunda, zimene anali ataiwala. Zala zake zinadziwa pogwira popanda kuuzidwa: chala chachikulu kunsi, zinazo m'mbali, kupendeketsa pang'ono. Dzanja lake linali likadaidziwa ntchitoyo. Lachiwiri lija likanadula timaulusi titatu tija bwinobwino. Nkhono inanyamuka mopepuka, osagwira kanthu kalikonse.

Anaima nayo m'manja, madzi akuchucha pa simenti. Zaka khumi ndi chimodzi za Ezekiele zinali mmenemo, ndipo iye anazisiya m'manja mwa munthu wina pofuna kulemekeza Ezekiele yemweyo.

"Tikaitaye kuti?" Felix anafunsa motsitsa mawu.

Fainesi anayang'ana uku ndi uku. Panalibe azakhali, panalibe akuluakulu, panalibe aliyense woti amuuze chochita. Anakhala pansi pomwepo, nkhono ili pamiyendo, chitenje chikunyowa.

"Dikirani kaye," anatero. "Ndiigwireko pang'ono."