Chipewa Chofiira cha Atelala

Ntchito yanga pa nyumba ija inali kuchapa. Inali nyumba yosungira anthu amene mowa unawatulutsa m'makomo mwawo n'kukawagoneka m'makhonde a masitolo. Munthu akabwera, ndinkamulanda nsanza zake n'kukazitentha kuseri, kenako kumupatsa sopo ndi zovala zina. Zolira ndi zolangiza zinali ndi eni ake.

Atelala anabwera nthawi yozizira, nsabwe zili mpaka m'nsidze. Dzinalo tinawapatsa chifukwa manja atangosiya kunjenjemera anapempha singano. Anasoka mabulangete onse ong'ambika, anasoka makatani, atamaliza anayamba kundilondola ine.

"Mayi, diresi lanulo mpendero wapita. Bweretsani kuno."

"Ndivule pompano?"

"Ayi, ndangochira kumene. Musandidwalitsenso."

Chaka chinatsala pang'ono kutha osalawa ngakhale dontho. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, namwino. Mwanayo analumbira kalekale kuti sadzawaonanso, ndipo ine sindimuimba mlandu. Bambo anagulitsa makina osokera, anagulitsa bedi la mayi ake, anagulitsa mpaka nsapato zake za kusukulu. Koma mbiri inamupeza yoti bambo asiya mowa. Tsiku lina mlonda wa pageti anabwera ndi kaphukusi kochokera kwa mwanayo. Munali chipewa choluka pamanja, chofiira, cha mzere woyera m'mphepete. Uthenga unali wapakamwa: adzabwera tsiku la alendo, adzatenga ndi kamwana kake kuti agogo akaone. Koma akangomva kuti agwiranso botolo, asadzamufunefune mpaka imfa.

Chipewacho sichinachokenso kumutu. Ankagona nacho. Nditati ndichichape anandiyang'ana ngati ndawapempha diso.

Woyang'anira nyumbayo tinkamutcha a Tayi, chifukwa kutenthe bwanji khosi linali lomanga. Alendo amene tinkawadikirawo ndi amene ankathandiza nyumbayo, ndipo anatumiza mawu kuti akufuna kudzaona zithunzi ziwiri za munthu mmodzi: mmene analili mumsewu, ndi mmene alili lero. Cha lero sichinavute. Cha mumsewu panalibe, chifukwa munthu wofika akununkha palibe amene ankaganiza zomujambula.

A Tayi anandipeza ndikuyanika.

"Mayi, tipezereni zovala zoipa."

"Zoipa ndimatentha, bwana."

"Ndiye ipitsani zabwino."

Ndinatenga buluku ndi jekete, ndinazikwekweza mu ngalande, ndinapaka oyilo wakuda wa m'galimoto, ndinang'amba bondo limodzi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyeretsa zovala, koma kudetsa ndiye sikuchedwa.

A Tayi anasankha Atelala chifukwa ndi amene ananenepa bwino kuposa onse. Iwo anakana.

"Bwana, kumene kuja sindifuna kupondako."

"Ndi kanthawi kochepa, madala. Mungokhala pansi, ajambule, tibwerere."

"Tengani wina."

A Tayi sanakweze mawu. Sankakweza mawu. "Bedi limene mukugonalo amalipirira ndi anthu amenewa. Mwaona anthu amene amakhala pageti m'mawa uliwonse? Onse aja akulifuna."

Tinapita masana ndi wojambula zithunzi, kuseri kwa sitolo ya zitsulo, pomwe ankagona kale. Ine ndinanyamula zovala zoyera ndi chigubu cha madzi kuti akasambe m'manja. Anzawo akale anali pomwepo, atatsamira khoma.

"Telala wabwera! Tinakusungira katoni yako, mkulu."

"Anakunenepetsa kuti akuphe liti?"

Wojambula anatola botolo pansi, muli timadontho tapansi, n'kuwapatsa. Atelala analigwira ndi zala ziwiri, mkono atautambasula ngati agwira khoswe wakufa. Fungo linkandipeza ngakhale ine amene ndinali patali.

"Pafupi ndi pakamwa, madala. Maso mutsinzine pang'ono. Mutu upendekeke. Mwaiwala kale?" anatero wojambula.

"Chipewacho vulani," anatero a Tayi.

"Ichi ayi."

"Madala..."

"Buluku ndavala, botolo ndagwira. Ichi ayi."

Wojambula anasuzumira m'kamera yake n'kunena kuti chisiyeni, kufiirako kukukometsa chithunzi. Atamaliza, Atelala anasamba m'manja mpaka madzi onse anatha.

Masiku otsalawo anawathera pa kadiresi ka mdzukulu. Nsalu anadula ku katani yakale ya maluwa imene ndinawapatsa. Msinkhu wa mwanayo sankaudziwa, ndiye anasiya mpendero waukulu woti n'kumasula.

Tsiku la alendo zithunzi zinapachikidwa m'chipinda chodyera, zazikulu ngati chitseko. Kumanzere munthu wa botolo pa katoni, kumanja munthu wometa bwino, singano ili m'manja. Atelala anawaimika pakati, jekete nditawasitira ndekha, chipewa chili kumutu, kadiresi atakapinda m'khwapa. Ine ndinali pakona ndi makapu a tiyi.

Namwino uja analowa a Tayi ali pakati polankhula. Anali wamtali ngati bambo ake, atagwira dzanja kamtsikana koyenda kale. Atelala anamuona. Namwinoyo anamwetulira pang'ono. Ndinaona ndi maso angawa, anamwetulira. Kenako anakweza maso kukhoma.

"Ichi," a Tayi ankauza alendo, "tinajambula tsiku limene tinawatola mumsewu, chaka chatha."

"Pepani," anatero namwino. "Mwati liti?"

"Chaka chatha, mayi."

"Chaka chatha chipewa chimenecho kunalibe. Ndaluka ine mwezi wathawu."

Mayi wina wa magalasi, amene ankaoneka kuti ndiye mkulu wa alendowo, anayang'ana chithunzi, anayang'ana mutu wa Atelala, kenako anayang'ana a Tayi. A Tayi anakonza tayi yawo n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene wakakamizidwa kuulula za m'banja.

"Sindinafune kuwachititsa manyazi pagulu," anatero motsitsa mawu. "Zoona zake n'zakuti bambowa anaterereka masabata apitawa. Matendawa ndi otero. Tinakawatolanso pamalo pomwe paja. Ife sititaya munthu."

Mayi wa magalasi anagwedeza mutu, ena anawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Bodza limenelo," anatero Atelala. "Anachita kundiveka. Ananditengera okha kumeneko. Mwanawe, tandiyang'ana. Sindinamwe."

"Kukana n'chizindikiro chimodzi cha matendawa," mayi wa magalasi anauza mnzake, mokoma mtima ndithu.

"Ababa," anatero namwino, "botololo lili m'manja mwa ndani?"

"Mwanga, koma..."

"Pamalopo ndi pati? Si pomwe ndinakupezani tsiku la maliro a amama?"

"Ndi pomwepo, koma tamvera..."

Anatambasula dzanja kuti amupatse kadiresi. Mwanayo sanakayang'ane n'komwe. Ananyamula kamtsikana kake n'kutuluka.

Ndinasiya makapu ndi kumuthamangira. Ndinamupeza pageti, mlonda akulimbana ndi loko.

"Mwanangu, taima. Buluku lili pachithunzilo ndinalidetsa ndine, ndi manja awa. Ndinali pomwepo. Bambo ako sanamwe."

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Sanakwiye. Bola akanakwiya.

"Agogo, inu ndinu wachingati? Amama anawaikira kumbuyo mpaka kulowa m'manda. Atachoka iwo kunabwera azakhali, kenako mayi wa nyumba ya lendi. Bambo anga sasowa mzimayi wowanamira."

"Funsa mlondayu."

Mlonda anali ndi ana kusukulu, ntchito ankaifuna. Anayang'ana loko wake.

"Amama, a chipewa aja ndani?" kanafunsa kamtsikana.

"Palibe. Tiye."

Alendo anadya, anajambulitsa pansi pa zithunzi zija, ananyamuka ali okondwa. Madzulo ake a Tayi anaitana Atelala pakhonde, ine ndikuanula zovala chapafupi.

"Mwanditchula wabodza pamaso pa alendo. Zimenezo ndakukhululukirani. Koma lamulo la nyumba mukulidziwa. Woterereka amasiya bedi, amakayambiranso pansi m'chipinda cha atsopano."

"Ndaterereka liti, bwana?"

"Alendo amva choncho. Akadzabweranso n'kukupezani pabedi pomwepo, adzati nyumba ino ilibe mwambo."

"Bwana," ndinatero ine, "ngakhale nsabwe imaluma n'kusiya."

"Mayi, zovala zikugwa pachingwe."

M'mawa mwake bedi linali ndi mwini wina, mmodzi wa a pageti aja. Atelala sanapite m'chipinda cha atsopano. Mlonda anati anatuluka kutangocha, sananyamule kanthu. Chipewa ndinachipeza m'beseni langa, pamwamba pa zochapa, kadiresi kali mkati mwake. Ndinachichapa. Kunkazizira, ndiye ndinachipereka kwa mwini watsopano wa bedi, amene anali ndi dazi.

Patapita masiku ndinatumidwa kukagula sopo ndi zopanira zovala. Njira yachidule imadutsa kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Anali pomwepo, pa katoni, jekete limene ndinasita lija litada kale kuposa limene ndinapaka oyilo. Botolo analigwira ndi dzanja lonse, pachifuwa.

"Atelala, dzukani tizipita. Pansi pogona palipo."

Anatsegula diso limodzi. Anandizindikira.

"Mayi wochapa. Mpendero wapitanso uwo." Analoza diresi langa, chala chikuvina. "Singano sindingathenso."

"Dzukani, ndikukuuzani."

"Kawauzeni a Tayi abwere ndi wojambula uja," anatero, akupendeketsa mutu kukhoma. "Lero sachita kundiphunzitsa kagwiridwe."

Ndinaima pang'ono, koma sitolo ya sopo imatseka msanga.